Amayi m'makomiti a kwathu: kudzaza mpando kapena kukhala ndi mawu?

Mayi wa ku Chipoka
Moni nonse pagulu pano. Kwathu kuno tikukonzekera kusankha komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) yatsopano, ndipo nyimbo ndi yomwe ija ya 50-50. Koma tikudziwa momwe zimathera. Amayi amalowa m'komiti ochuluka ndithu, kenaka ntchito yawo imakhala pemphero lotsegulira, kusesa pamalo a msonkhano ndi kuphikira alendo. Zokhudza ndalama, malo ndi milandu zimamangidwa ndi abambo atatu kapena anayi msonkhano usanayambe. Amene mukudziwa bwino ndondomeko, tichite chiyani kuti ulendo uno zisinthe? Funso lina ndi lakuti, nambala ija 1325 imene amabungwe amaitchula pamsonkhano uliwonse, ikutikhudza bwanji ife amene sitili pankhondo?

Mphunzitsi wopuma, Kamuzu Road
Ndiyambe ndi funso lachiwirilo, amayi. 1325 ndi nambala ya chigamulo chimene nthambi ya chitetezo ya United Nations inavomereza pa 31 Okutobala 2000, panthawi imene dziko la Namibia linali pampando wa nthambiyo. Chili ndi nsanamira zinayi: amayi atengepo mbali pomanga mfundo za mtendere, atetezedwe ku nkhanza, mikangano ipewedwe isanabuke, ndipo pothandiza anthu ovutika ndi pomanganso dera lophwasuka zosowa za amayi ziganiziridwe. Dziko lililonse limalimbikitsidwa kulemba ndondomeko yake yokwaniritsira zimenezi, ndipo Malawi inakhazikitsa yake mu 2021. Chaka chotsatira, mu 2022, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la mtendere ndi umodzi, limene linabweretsa komishoni ya dziko lonse komanso makomiti a mtendere m'maboma.

Tsono musaone ngati mpungwepungwe ndi mfuti zokha. Mkangano wa malire a munda, kulimbirana ufumu, ziwawa za pa kampeni, kukokerana padoko, kupha nkhalamba poiganizira ufiti, zonsezi ndi zimene makomiti amenewa amayenera kuzimitsa moto usanakule.

Mlangizi wa chitukuko, Khombedza
Pa za VDC, vuto limayambira pa tsiku la chisankho lenilenilo. Anthu amawerenga mitu n'kukhutira kuti amayi akwana, osayang'ana kuti wakhala pa udindo uti ndani. Ndondomeko ya makhonsolo imati wapampando akakhala mwamuna, wachiwiri wake akhale mkazi, ndipo akakhala mkazi, wachiwiri akhale mwamuna. Imanenanso kuti agulupu ndi alangizi a komiti, sakhala pampando. Chimene chimachitika n'chakuti pafupifupi paliponse mkazi amamuika pa wachiwiri ndi pa usungichuma. Wachiwiri alibe chochita bola wapampando alipo. Msungichuma amamusankha ponena kuti amayi saba, koma buku la ndalama limakhala m'chikwama cha wapampando, iye amangoitanidwa kudzasaina.

Udindo umene anthu amaupeputsa koma uli ndi mphamvu ndi wa mlembi. Chimene sichinalembedwe m'maminitsi sichinanenedwe. Mayi akhoza kulankhula bwino za mjigo, anthu n'kuwomba m'manja, koma mlembi akalemba za mlatho zokha, ku komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu (ADC) kukafika mlatho. Choncho amayi akumane paokha sabata imodzi chisankho chisanachitike, agwirizane dzina limodzi pa upampando kapena pa ulembi, asagawane mavoti pa anthu atatu. Nkhanga zinapangana kusanapse. Amene akumuika pa ulembi akhale wodziwa kulemba ndi kuwerenga bwinobwino, chifukwa akalephera kamodzi, anthu amati amayi onse alephera.

Chachiwiri ndi mapulani a m'mudzi aja timati VAP. Zosowa zikamatchulidwa, gawani anthu m'magulu: amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha. Gulu lililonse litchule zosowa zitatu zoyambirira n'kuzisanja. Pokaphatikiza, mugwirizane kale kuti chosowa choyamba cha gulu lililonse chilowe mu pulani popanda kuvotanso. Mukangovotera pamodzi mokweza manja, amayi ambiri amayamba ayang'ana kumene dzanja la amuna awo kapena la apongozi lalozera.

Bambo wa ku Lifuwu
Alangizi mwafotokoza bwino, koma tisabise chilungamo. Nthawi zambiri amayi amakana okha akatchulidwa dzina. Ndipo pamzere wovota amayi ndiwo amachuluka, koma amafola kumbuyo kwa mwamuna. Nanga pamenepo tiloze chala ndani?

Mayi wa geni ya usipa, Senga Bay
Bambo, kukanako kuli ndi zifukwa zake, ndipo zambiri n'zokonzeka. Msonkhano amauitanitsa 8 koloko m'mawa, n'kuyamba 11. Nthawi imeneyo mayi wa kunyanja ali pathandala kuyanika usipa umene wagula mbandakucha, ndipo akauchoka uwola kapena ubedwa. Mayi wa kusikimu ali m'madzi kuwokera mpunga. Mwamuna akhoza kukhala pansi pa mtengo maola anayi, kunyumba akapeza nsima. Mkazi akakhala maola anayi, ana agona ndi njala, ndipo madzulo kuli mafunso. Ikani msonkhano 2 koloko masana, uzitha 4 koloko, tsiku losakhala la msika, komanso osati Lachisanu masana pamene ena ali ku Juma. Uthenga uperekedwe masiku atatu zisanachitike, osati usiku wake.

Chinanso ndi pakamwa pa anthu. Mayi akayamba kuyenda ku misonkhano ya ADC, kukwera kabaza ndi abambo a m'komiti, mawa lake amveka kuti ndi wachiwerewere. Wosakwatiwa amamunena kuti angalamulire bwanji mudzi pamene banja linamukanika. Wokwatiwa kuchitengwa amati si wakuno. Mawu aja akuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo akadalipo. Munthu amawerengera mtengo wa zonsezi, n'kuona kuti kuli bwino akane. Mfumu ikanena poyera pa tsiku la chisankho kuti wonyoza membala wa komiti adzalipa, ndipo woyamba kunyoza n'kulipadi, mudzaona manja a amayi akukwera.

Mphunzitsi wopuma, Kamuzu Road
Amayi a ku Senga Bay mwandikumbutsa za ku Liberia, chifukwa kumeneko zinayambira pamsika wa nsomba. Mu 2003 nkhondo ili mkati, amayi achikhristu ndi achisilamu anagwirizana, akutsogoleredwa ndi Leymah Gbowee ndi anzake. Ankavala zoyera, n'kumakhala pabwalo la pafupi ndi msika wa nsomba mu mzinda wa Monrovia tsiku ndi tsiku, padzuwa ndi pamvula, mpaka Charles Taylor, pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, anavomera kukumana nawo. Zokambirana za mtendere zitayamba ku Accra, ku Ghana, atsogoleri a magulu ankhondo ankangozengereza. Amayiwo anakhala pansi n'kutseka makomo a holo, kunena kuti palibe atuluke mpaka agwirizane. Pangano linasainidwa pa 18 Ogasiti 2003. Mu 2005 dzikolo linasankha Ellen Johnson Sirleaf, mayi woyamba kusankhidwa pavoti kukhala pulezidenti mu Africa, ndipo mu 2011 iye, Gbowee ndi Tawakkol Karman wa ku Yemen analandira mphotho ya Nobel ya mtendere.

Chimene ine ndimachiona pankhaniyi n'chakuti amayi ambiri aja analibe mpando patebulo. Mphamvu yawo inali yakuti anali ndi pempho limodzi lomveka, ndipo sanalole kugawidwa ndi chipembedzo. Ku Northern Ireland anachita mwanjira ina. Mu 1996 amayi achikatolika ndi achipulotesitanti anapanga chipani chawo, napeza mipando iwiri pa zokambirana zimene zinabala pangano la 1998. Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anana, amayi a Dawa, a Mvano ndi a magulu a Chikatolika atati apite limodzi kwa agulupu ndi nkhani imodzi, palibe angawabweze.

Wothandiza anthu pa za malamulo, Salima boma
Ndiwonjezere za malamulo, chifukwa ambiri amasokoneza. Lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi lili ndi gawo 11, limene limati polemba anthu ntchito kapena kuwapatsa maudindo m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse, ndipo asapitirire 60. Gawo limeneli silikhudza mipando yovoteredwa. Simungapite nalo kukhoti kukadandaula kuti aphungu aakazi achepa.

Lamulo limene limatchula nambala yeniyeni pamudzi ndi la malo a makolo la 2016. Komiti ya malo imakhala ndi agulupu pampando, kuphatikiza anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa amenewa osachepera atatu akhale amayi. Apa ndiye pofunika maso. Kalembera wa malo akafika, afunseni kuti pa chikalata palembedwa dzina la ndani. Kuno kwathu ambiri timatsata kuchikazi, munda ndi wa mbumba, koma wopita kukalembetsa amakhala malume kapena mwamuna wa pakhomo, n'kulembetsa dzina lake lokha. Zikatero munda umene mayi anali nawo mwa mwambo wamuchoka mwa pepala. Lamulo limalola kulembetsa anthu awiri kapena kuposa pa malo amodzi. Amayi atatu a m'komiti aja ntchito yawo yaikulu ndi imeneyi: kukhalapo poyenda m'malire, kufunsa ngati mkazi ndi alongo a wolembetsayo akudziwa, ndi kuwerenga mndandanda ukapachikidwa poyera, nthawi yodandaula isanathe.

Mayi wa ku Chipoka
Zikomo kwambiri achimwene. Nanga za chuma cha masiye? Milandu yambiri imene imasokoneza mtendere m'midzi muno ndi imeneyi, ndipo amayi a m'komiti amafunsidwa koma sadziwa poyambira.

Wothandiza anthu pa za malamulo, Salima boma
Lamulo lake ndi la 2011. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, ndi amene ankadalira iye. Wamasiye amasunga katundu wa m'nyumba amene ankagwiritsa ntchito. Abale a malemu alibe mphamvu yotenga kanthu paokha, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa kupolisi, wokhala ndi chilango cha ndende.

Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi izi. Katundu amasowa maliro ali mkati, choncho tsiku lomwelo kapena lotsatira palembedwe mndandanda wa zonse, bwato, injini, maukonde, njinga, ziweto, matumba a chimanga, pamaso pa mfumu ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, aliyense asaine. Makhadi a kubanki, chiphaso cha malemu ndi mapepala a malo zisaperekedwe kwa wina aliyense. Kenaka pakatengedwe chikalata cha imfa, ndipo nkhani ya ndalama za kubanki kapena za kuntchito ikayambire ku ofesi ya DC. Amene sangathe kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau. Ndipo wilo si ya olemera okha ayi. Ilembedwe, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo zisainenso, ndipo ndi bwino kusankha mboni zimene sizilandira kanthu m'wiloyo.

Ndichenjezenso pa chinthu chimodzi. Kuyanjanitsa kuli ndi malire ake. Kugwirira, kugona ndi mwana, kuvulaza munthu, si milandu ya pabwalo la mfumu, ndipo mayi wa m'komiti asalole kuti ithere pa mbuzi kapena nkhuku. Wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, asanasambe ngati n'kotheka, ndipo zovala zisungidwe osachapa. Nkhaniyo ipite ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa. Pa nkhanza za m'banja, lamulo la 2006 limalola majisitireti kupereka chiletso choti wozunzayo asayandikire, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba. Za ukwati wa ana, kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo chilolezo cha makolo sichisintha kanthu. Zimene Inkosi Kachindamoto inachita kwa anansi athu ku Dedza, kuthetsa maukwati a ana ndi kuimitsa mafumu owalekerera, zinatheka chifukwa inagwira ntchito ndi magulu a amayi amene ankadziwa khomo lililonse.

Chemwali wa ku Thavite
Ine nkhawa yanga ili pamwamba. Tinakhalapo ndi pulezidenti wamkazi, Joyce Banda, kuyambira 2012 mpaka 2014. Tinakhala ndi Anastasia Msosa ngati mkulu wa makhoti, ndi Catherine Gotani Hara ngati sipikala mu 2019. Nkhope ya Rose Chibambo ili pa K200. Koma mu 2014 amayi amene anapambana pa mipando 193 anali 32 okha, ndipo mu 2019 sanafikebe kotala. Ku Rwanda amayi amaposa 60 pa 100 aliwonse m'nyumba ya aphungu. Iwo anatani?

Mphunzitsi wopuma, Kamuzu Road
Analemba m'malamulo aakulu, mwanangu. Malamulo awo a 2003 amati amayi asachepere 30 pa 100 aliwonse m'malo omanga mfundo. M'nyumba ya aphungu 80, mipando 24 ndi ya amayi okha, ndipo ina yambiri imadzazidwa potsata mndandanda wa chipani, osati munthu mmodzi pa dera. Pa mndandanda n'kosavuta kusanja mkazi, mwamuna, mkazi, mwamuna, monga chimachitira chipani cha SWAPO ku Namibia. Uganda ili ndi mpando wa phungu wamkazi pa boma lililonse. Tanzania ili ndi mipando yapadera. Senegal inakhazikitsa lamulo lofananitsa chiwerengero mu 2010.

Ife timavotera munthu mmodzi pa dera, wopeza mavoti ambiri watenga zonse. Pamenepo chipani chimaopa kutaya mpando, n'kuika amene ali ndi ndalama zambiri. Mu 2017 komishoni yapadera younika malamulo a zisankho inapereka maganizo akuti pakhale mipando 28, umodzi pa boma lililonse, yopikisana amayi okha. Maganizo amenewo sanasanduke lamulo.

Bambo wa ku Dwangwa
Aphunzitsi, ine za mipando yapadera sindigwirizana nazo kwenikweni. Phungu wolowa chifukwa cha mndandanda amaopa amene anamulemba, saopa ovota. Ndipo kuchuluka kwa amayi m'nyumba ya malamulo si umboni wakuti m'dzikomo anthu amalankhula momasuka. Ku Rwanda komweko otsutsa boma, kuphatikizapo amayi monga Victoire Ingabire ndi Diane Rwigara, anamangidwapo.

Mphunzitsi wopuma, Kamuzu Road
Mfundo yanu yachiwiri ndi yoona, bambo, sindiitsutsa. Pa yoyambayo, njira ya ku Uganda ndi imene inaganiziridwa kuno sizidalira mndandanda. Mayi amachita kampeni boma lonse ndipo amavoteredwa ndi anthu onse, amuna ndi akazi. Vuto lake ndi lina: dera limakula kwambiri, ndalama za kampeni n'kuchulukanso. Taganizani munthu mmodzi kuyenda kuchokera ku Dwambazi mpaka ku Benga.

Mlangizi wa chitukuko, Khombedza
Pamene amayi ambiri amagwera si pa tsiku la chisankho chachikulu, koma pa zisankho zachipulula. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC limachepetsa ndi theka ndalama zolembetsera amayi. Mu 2019 mwamuna wofuna uphungu ankalipira K500,000, mkazi K250,000, ndipo pa ukhansala inali K40,000 ndi K20,000. Koma ndalama imeneyo ndi kadontho poyerekeza ndi zimene zimapita pa mayendedwe, nsalu, maliro ndi kudyetsa makomiti. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, koma mchitidwewu sunathe.

Mayi amene akufuna kuima achite izi msanga. Apeze mndandanda wa makomiti a m'madera amene adzavote, wolembedwa ndi wosainidwa ndi akuluakulu a chipani, miyezi ingapo zisanachitike, chifukwa makomiti ongobadwa usiku ndiwo amagwetsa anthu. Malo ndi nthawi yovotera zikhale pa pepala, poti kusintha malo m'mamawa wa tsikulo ndi njira yakale yobera. Akhale ndi omuyang'anira awiri pamalo aliwonse, ndipo zotsatira zisainidwe pomwepo n'kujambulidwa pa foni. Akakamize voti yachinsinsi m'malo mofola kumbuyo, chifukwa apa ndi pamene pali yankho la funso la bambo a ku Lifuwu: mkazi sangaime kumbuyo kwa munthu wina pamene mwamuna wake, mfumu yake ndi amene anamukongoza feteleza akumuona. Akaopsezedwa kapena kutukwanidwa pamsonkhano, alembe tsiku, malo ndi mboni, akatule ku polisi ndi ku komiti ya zipani zonse ya pa boma, imene imakumana pansi pa DC.

Mayi wa geni ya usipa, Senga Bay
Tisaiwale makomiti a m'madoko, ma BVC. Amayi ndife ochuluka pa kuyanika, kukazinga, kuwamba ndi kugulitsa, koma m'komiti mumadzaza eni maukonde a chilimira. Mfundo zimene zimamangidwa zimakhala za maukonde ndi nyengo yotseka nyanja basi. Za ndani ayambe kugula bwato likafika sizikambidwa, pamene mpomwe pamabadwira khalidwe loti mayi agone ndi msodzi kuti apeze nsomba. Nsomba zikachepa, ogula ali khumi pa bwato limodzi, mlovi ndiye amasankha womugulitsa. BVC ikhoza kukonza zimenezi: malonda azichitikira poyera pamalo amodzi, ogula alembedwe ndipo azigula motsatana, chidebe choyezera chikhale chimodzi chodziwika, ndipo pakhale amayi awiri odziwika olandira madandaulo mwachinsinsi. Amayi akaphatikiza ndalama za banki m'khonde n'kugula ngati gulu ndi ndalama m'manja, msodzi sakhalanso ndi pogwira.

Bambo wa ku Lifuwu
Nanga za ku Mbenje munganene chiyani? Kumene kuja amayi saloledwa kufika pachilumba, koma ndi malo amene nsomba zasamalika kuposa kwina konse.

Mayi wa geni ya usipa, Senga Bay
Ulamuliro wa mfumu Makanjira pa Mbenje ndi wolemekezeka, ndipo kutseka chilumba nyengo ya mvula kwapulumutsa utaka kwa zaka zambiri. Malamulo ake amaletsanso mowa, chamba ndi juga. Za mwambo wa pachilumba eni ake ndiwo angakambe. Chimene ine ndikunena chili kumtunda. Nsomba za ku Mbenje zikafika ku Chikombe zimalowa m'manja mwa amayi, ndipo pamtengo, pamalo oyanikira, pa zimbudzi za padoko ndi pa chitetezo cha usiku, amayi ayenera kukhala nawo pomanga mfundo. Pamenepo palibe mwambo umene ukuletsa.

Bambo wa ku Dwangwa
Ndiikepo za nsanamira yachinayi imene aphunzitsi anatchula, chifukwa madzi osefukira a 2024 kuno anationetsa kuti si nkhani ya m'mabuku. Anthu akathawira pasukulu kapena patchalitchi, komiti ya pamsasa ikhale ndi amayi kuyambira tsiku loyamba. Zimbudzi ndi mabafa a amayi zikhale kutali ndi za abambo, zokhala ndi chitseko chotsekeka mkati ndi nyale usiku. Polemba maina a olandira thandizo, banja la mitala lilembedwe nyumba iliyonse payokha, apo ayi thumba limapita kwa mkazi mmodzi. Amasiye ndi ana olera anzawo alembedwe m'maina awo. Kugawa kuchitike masana, mndandanda uwerengedwe mokweza, ndipo wolemba maina asakhale yemweyo wolandira madandaulo. Pa katundu wopempha musaiwale zitenje, sopo ndi zofunika pa msambo, chifukwa komiti ya abambo okhaokha sizifika m'mutu.

Mayi wa ku Chipoka
Ndalemba zonse. Tikumana ndi amayi a m'midzi yonse ya gulupu wathu chisankho chisanafike, ndipo tilimbira ulembi ndi upampando, osati wachiwiri. Alangizi, funso lomaliza: komiti ikasankhidwa, n'chiyani chimene tiyenera kugwirizana pa msonkhano woyamba kuti zisabwerere mwakale?

Mlangizi wa chitukuko, Khombedza
Zilembedwe m'buku tsiku lomwelo, mfumu isaine. Msonkhano usayambe ngati amayi amene afika sakukwana theka la amayi a m'komiti. Maminitsi a msonkhano wapita aziwerengedwa mokweza, ndipo aliyense ali ndi ufulu wonena kuti mfundo yake yasiyidwa. Osainira ndalama akhale atatu, mmodzi kapena awiri akhale amayi, ndipo buku la ndalama lizikhala kwa msungichuma, lizionetsedwa pa msonkhano uliwonse pamodzi ndi malisiti. Maulendo a ku maphunziro ndi ku ADC aziyendera kasinthasintha wolembedwa, chifukwa pamene pali alawansi mpamene amayi amaiwalika. Ntchito yophika ndi kusesa ipatsidwe kwa anthu osakhala m'komiti, kuti membala asatuluke nthawi yomanga mfundo. Pakatha miyezi itatu mudzatsegule bukulo, muwerenge mfundo zimene amayi anabweretsa, ndi zingati mwa izo zinafika ku ADC. Zikapezeka kuti palibe, kadandauleni kwa mlangizi wa chitukuko wa dera lanu ndi kwa khansala, mutanyamula bukulo.